Ukwati wa mwana wathu tiuike tsiku liti, poti abale amapembedza mosiyana?

"Aphunzitsi, ine ndimakhala ku Area 49 muno mu Lilongwe, ndipo abale andisankha kukhala wapampando wa komiti ya ukwati wa mwana wanga, wobadwa kwa mng'ono wanga. Ife ndife Akatolika, mnyamatayonso ndi Mkatolika, koma kwa amayi ake ku Nkhotakota onse ndi Asilamu, kuphatikizapo atsibweni ake amene ndiwo ankhoswe. Azakhali awiri a mtsikana ndi a Seventh Day. Chinkhoswe tinachita Loweruka lina mu Malichi 2025 ndipo chinatisiyira mabala. Akuchimuna anabwera ambiri koma sanalawe kanthu, ati ali m'mwezi wa Ramazani, azakhali sanabwere, ndipo bambo mfumu anatidandaula kuti tinavina mkati mwa Lenti. Tsopano tapeza holo pa 30 Meyi 2026, koma ankhoswe akuti nthawi imeneyo adzakhala ali ku Mecca. Ena m'komiti akuti akuchimuna akungofuna zifukwa, chifukwa mu 2016 anzathu a kuntchito anasala mu Juni, nanga Malichi wabwera bwanji? Tithandizeni, masiku amenewa amayenda bwanji, ndipo ukwati tiuike liti?"

Mayi wapampando, ndakumvani, ndipo choyamba ndikupempheni kuti mtima ukhale m'malo. Pa zonse zimene mwalemba sindikuona chizindikiro chakuti akuchimuna akukuzembani. Zimene ankhoswe anena zikugwirizana ndendende ndi kawerengedwe ka masiku ka Chisilamu, ndipo anzanu amene anasala mu Juni 2016 ananena zoona monganso alendo anu amene anasala mu Malichi 2025. Ndaphunzitsa za zipembedzo kwa zaka zambiri, ndakhalanso m'makomiti a maukwati ndi a maliro momwe munali Akhristu ndi Asilamu, ndipo mkangano ngati wanuwu ndauonapo kangapo. Kawirikawiri muzu wake umakhala wakuti aliyense amayesa kalendala yopachika pakhoma ndiyo yokhayo, pomwe m'banja limodzi ngati lanulo mukuyenda makalendala atatu nthawi imodzi.

Tiyambire pa Chichewa chathu chomwechi. Mawu akuti mwezi amatanthauza chowala usiku chija, amatanthauzanso nthawi, chifukwa makolo athu ankawerenga nthawi poyang'ana kumwamba. Agogo anga ankati akauona kachigamba kumadzulo amati mwezi wakhala, ndipo kuyambira pamenepo ankadziwa kuti wapakati wa m'mudzi walowa mwezi wina. Kuchokera pamene mwezi wakhala kufika pamene udzakhalenso pamapita masiku 29 ndi theka. Miyezi 12 yotere imakwana masiku 354. Koma chaka cha dzuwa, chimene chimabweretsa dzinja, masika ndi chilimwe pa nthawi yake, chili ndi masiku 365 ndi maola pafupifupi 6. Pakati pa ziwirizi patsala masiku 11, ndipo chipembedzo chilichonse chinayenera kugamula chochita nawo masiku 11 amenewa. Mukamvetsa zimene aliyense anagamula, mafunso anu onse ayankhika.

Kalendala ya pakhoma inasankha dzuwa n'kuusiya mwezi. Inachokera ku Rome m'nthawi ya Julius Caesar, ndipo Papa Gregory XIII anaikonza mu 1582, pamene anthu anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala, pofuna kuchotsa masiku 10 amene anali ataunjikana chifukwa cha kuphonya pang'onopang'ono kwa kalendala yakaleyo. M'kalendala imeneyi miyezi ndi mayina chabe, siigwirizananso ndi mwezi wa kumwamba. N'chifukwa chake Khirisimasi sisuntha pa 25 Disembala, monganso tsiku la Chilembwe pa 15 Januwale ndi la ufulu pa 6 Julayi.

Chisilamu chinasankha mwezi n'kulisiya dzuwa. Qur'an imati miyezi ndi 12 ndipo imaletsa kusuntha miyezi yopatulika monga ankachitira Aluya akale, choncho palibe mwezi wowonjezera wobwezera masiku 11 aja. Zaka amaziwerenga kuchokera mu 622, pamene Mtumiki Muhammad anasamuka ku Mecca kupita ku Medina, ndipo kawerengedweka kanakhazikitsidwa mu ulamuliro wa Khalifa Umar. Ramazani ndi mwezi wachisanu ndi chinayi, ndipo m'kalendala yawo sunasunthepo. Chimene chimaoneka ngati kusuntha n'chakuti chaka chawo chimatha msanga ndi masiku 10 kapena 11 poyerekeza ndi chathu. Werengani nokha: kuchokera 2016 kufika 2025 ndi zaka 9, ndipo mukachulukitsa ndi 11 mupeza masiku 99, omwe ndi miyezi itatu ndi masiku ochepa. Mukabwerera miyezi itatu kuchokera kumayambiriro kwa Juni mufika kumayambiriro kwa Malichi. Pakatha zaka pafupifupi 33, Ramazani imakhala itazungulira nyengo zonse, kotero Msilamu wachikulire wa ku Nkhotakota anasalapo m'chisanu cha Juni, m'kutentha kwa Okutobala, ndiponso nthawi yopalira ya Januwale. Mu 2030 mwezi wa Ramazani udzalowa kawiri m'chaka chimodzi cha pakhoma, mu Januwale ndi kumapeto kwa Disembala.

Chinanso chimene chimasokoneza makomiti n'chakuti mukafunsa Msilamu kuti Eid ul-Fitr, chikondwerero chotsekera kusala kwa Ramazani, idzakhala liti, amakuyankhani kuti mwina Lachisanu, mwina Loweruka, tidzaona mwezi. Yankho limeneli ndi loona mtima, chifukwa mwezi wa Chisilamu umayamba ukaonedwa ndi maso. Chiphunzitso cha Mtumiki chimati anthu ayambe kusala akauona ndipo amasule akauonanso, ndipo ngati kuli mitambo akwanitse masiku 30. Chaka china ndinaperekeza mnansi wanga, shehe wachikulire, madzulo a tsiku la 29 la Ramazani. Tinakaima pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu, poonekera bwino kumadzulo, pamodzi ndi anyamata angapo a maso akuthwa. Dzuwa litangolowa onse anangoti zii, kusuzumira pamwamba pa mitengo ya bulugama, chifukwa mwezi wa tsiku loyamba umakhala kaulusi kopyapyala ngati chikhadabo chowenga, umakhala pansi kwambiri, ndipo ola lisanathe umakhala utalowa. Tsiku limenelo kunali kamtambo kotalika pomwepo pamene unayenera kuonekera. Shehe anaimba lamya uku ndi uku, kunyanja ndi kumwera, ndipo kulikonse ankamva kuti sunaoneke. Anabwerera kunyumba n'kuuza akazi awo, amene anali atagula kale mpunga ndi nkhuku, kuti mawa tisalanso. Panalibe wodandaula, ngakhale ana amene zovala zawo zatsopano zinali zitasitidwa kale.

N'chifukwa chake tchuti cha boma cha Eid ul-Fitr sichikhala ndi tsiku lotsimikizika pa kalendala, ndipo anthu amadikira chilengezo cha atsogoleri a Chisilamu, monga a Muslim Association of Malawi, ndi cha boma. Nthawi zina mudzamva kuti mzikiti wina waswali Eid lero ndipo wina mawa, kaamba kakuti ena amadalira mwezi wooneka kuno kwathu pomwe ena amalandira umboni wochokera kumayiko ena monga Saudi Arabia. Imeneyi ndi nkhani ya mashehe okhaokha ndipo komiti ya ukwati isalowererepo. Kwa inu chofunika n'chakuti tsiku lililonse la Chisilamu limene mwawerengeratu mulipatse mpata wa masiku awiri kutsogolo ndi awiri kumbuyo.

Tibwerere ku chinkhoswe chija, chifukwa ndikuona kuti ndi pamene mitima inapwetekeka. Munthu wosala m'Ramazani sadya kapena kumwa chilichonse, ngakhale dontho la madzi, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litalowa, ndipo kuno kwathu amenewa ndi maola oposa 12. Anthu amene anakwera basi kuchokera ku Nkhotakota kukhosi kuli gwa, n'kukhala pansi masana onse fungo la mpunga ndi nyama likuwapeza, anakupatsani ulemu waukulu, chifukwa akanatha kungotumiza nthumwi ziwiri. Ndikumvetsa kuti amayi amene anachezera kuphika anamva kuwawa poona mbale zikubwerera zodzaza, pakuti kwathu kuno kukana chakudya cha mwinimudzi kumakhala ngati kukana chibale. Pakanakhala wina wofunsiratu, mukanawasungira chakudya mpaka dzuwa kulowa, n'kuwaikira madzi ndi zipatso zomasulira, kapena kuwalongedzera kuti akadye m'njira. Ndikumbutse pano kuti futali amene timadya tonsefe, wa mbatata kapena chinangwa wotendera nsinjiro, dzina lake ndi lachibale ndi mawu a Chiswahili akuti futari, otanthauza chakudya chomasulira kusala. Ndikulangizani kuti inuyo ndi ankhoswe akuchikazi mukaonane ndi asewere anu, mukanene poyera kuti sitinadziwe. Mawu ochepa amenewa adzafewetsa zokambirana zonse zotsatira.

Tsopano za Lenti, zimene zikukhudza mpingo wanu womwe. Ambiri sadziwa kuti Akhristu nawonso ali ndi chikondwerero chotsata mwezi, ndipo ndicho chachikulu kuposa zonse. Yesu anapachikidwa m'nyengo ya Pasaka ya Ayuda, imene imachitika mwezi uli wathunthu m'mwezi wawo wa Nisan. Ayuda anasankha njira yapakati pa masiku 11 aja: amawerenga miyezi potsata mwezi, koma kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse amawonjezera mwezi wa 13, kuti chikondwererocho chisachoke m'nyengo yake. Akhristu oyamba anatsutsana nthawi yaitali za tsiku lokumbukira kuuka kwa Ambuye, ndipo msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea mu 325 unalamula kuti onse azikondwerera tsiku limodzi. Lamulo limene linakhazikika n'lakuti Pasaka ikhale Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. Choncho tsikuli limayendayenda, koma lili ngati mbuzi ya pachingwe: silingabwere 22 Malichi asanakwane ndipo silingapitirire 25 Epulo. Kusiyana kwina n'kwakuti Mpingo sudikira kuona mwezi ndi maso, umachita kuwerengeratu, ndiye tsiku limadziwika zaka zambiri lisanafike. Mu 2025 linali pa 20 Epulo, mu 2026 ndi pa 5 Epulo, ndipo mu 2027 ndi pa 28 Malichi.

Mukadziwa tsiku la Pasaka, ena onse amatsatira. Bwererani masiku 46 mupeza Lachitatu la Phulusa, chiyambi cha Lenti, ndipo masiku osala ndi 40 chifukwa masiku a Lamulungu sawerengedwa. Mu 2025 phulusa munalandira pa 5 Malichi, Ramazani itangoyamba masiku atatu kapena anayi m'mbuyomo, choncho chinkhoswe chanu chinagwa pakati pa nyengo ziwiri za kusala nthawi imodzi. Mu 2026 ziwirizi zikuyamba sabata imodzi: phulusa pa 18 Febuluwale, Ramazani cha pa 18 kapena 19 Febuluwale, ndipo Eid ul-Fitr cha pa 20 Malichi. Malamulo a Mpingo wa Katolika amaletseratu kudalitsa ukwati pa Lachisanu Loyera ndi Loweruka Loyera. Masiku ena a Lenti ukwati ndi wololedwa, koma okwatirana amapemphedwa kulemekeza nyengo ya kulapa, ndipo maparishi ambiri mwa chizolowezi saika maukwati m'nyengoyi. Bambo mfumu sanalakwitse kukudandaulirani, chifukwa zoimbira zaphokoso ndi perekaniperekani sizigwirizana ndi masabata amene Akhristu akuyenda Njira ya Mtanda. Nyengo ya Adventi, imene imayamba Lamulungu lachinayi Khirisimasi isanafike, nayonso ndi yofunika kufunsiratu.

Ndingotchula mwachidule kuti ngakhale Akhristu sali pa kalendala imodzi. Mipingo ya Orthodox imawerengabe Pasaka ndi kalendala yakale ya Julius Caesar, imene tsopano yatsalira masiku 13, ndipo mu 2026 idzakondwerera pa 12 Epulo. Akhristu a ku Ethiopia ndi a ku Egypt amachita Khirisimasi pa 7 Januwale, ndipo chaka cha Aitiyopiya chili ndi miyezi 13, chimayamba mu Seputembala.

Nkhani ya ankhoswe ndiyo yolemera koposa, ndiye ndichedwepo pang'ono. Hajj, ulendo wachipembedzo wa ku Mecca, ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za Chisilamu, ndipo Msilamu aliyense amene ali ndi thanzi ndi chuma chokwanira ayenera kuichita kamodzi pa moyo wake. Ulendowu ndi womangika pa malo ndiponso pa tsiku. Umachitika kuyambira pa 8 mpaka pa 12 kapena 13 m'mwezi womaliza wa chaka chawo, wotchedwa Dhul Hijjah. Amuna amavala nsalu ziwiri zoyera zosasoka, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi, ndipo onse amazungulira Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Mecca, kasanu ndi kawiri, amayenda pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa, amagona ku Mina ndi ku Muzdalifah, malo a pafupi ndi Mecca. Pachimake pa zonse ndi tsiku la 9, pamene anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka amaima m'chigwa cha Arafat kupempha chikhululuko mpaka dzuwa kulowa. Amene waphonya kuima pa Arafat ndiye kuti sanachite Hajj, ayenera kudikira chaka china. Tsiku lotsatira ndi Eid ul-Adha, Eid ya nsembe, yokumbukira kumvera kwa Ibrahim pamene anali wokonzeka kupereka mwana wake, ndipo Asilamu padziko lonse amazinga mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe n'kugawira abale, anansi ndi osauka. Mu 2025 tsikuli linagwa pa 6 kapena 7 Juni. Chotsanipo masiku 11 mufika cha pa 27 Meyi 2026. Pa 30 Meyi, tsiku la holo yanuyo, ankhoswe adzakhala akumaliza kumene miyambo ya ku Mina, ndipo ambiri amakhala kumeneko masabata atatu kapena kuposerapo, chifukwa amapitanso ku Medina kumene kuli mzikiti ndi manda a Mtumiki.

Mkhristu wofuna kukaona Jerusalem, kukapemphera pa manda a Yesu kapena kukayenda m'mbali mwa nyanja ya Galileya, angathe kusintha ulendo wake mwezi uliwonse. Chofanana pang'ono ndi Hajj kwa inu Akatolika ndi chaka cha Jubile, monga cha 2025, pamene Khomo Loyera la tchalitchi cha St Peter's ku Rome limatsekulidwa kwa chaka chimodzi, ndipo mwa nthawi zonse zimenezi zimachitika pakapita zaka 25. Koma ngakhale apo munthu ali ndi chaka chathunthu chosankhamo, pomwe wa Hajj ali ndi masiku asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Kuwonjezera apo, dziko la Saudi Arabia limapatsa dziko lililonse chiwerengero cha anthu oti abwere, ndipo ndalama zake ndi zambiri moti ena amasunga kwa zaka makumi. Kupempha munthu wachikulire kuti asiye mwayi wotere chifukwa cha dipoziti ya holo n'kumusenzetsa katundu amene sangamunyamule, ndipo ine sindingakulangizeni kutero.

Komabe pali funso limodzi loyenera kuwafunsa mwaulemu: kodi ulendowu ndi wa Hajj kapena wa Umrah? Umrah ndi ulendo waung'ono wa ku Mecca umene munthu angachite pafupifupi nthawi iliyonse ya chaka, ndipo tsiku lake lingasinthidwe. Poona kuti atchula kumapeto kwa Meyi 2026, ndikukhulupirira kuti ndi Hajj, koma safunsa anadya phula. Afunseninso tsiku limene akuyembekeza kutera pa bwalo la ndege la Kamuzu, ndipo muwonjezerepo masabata awiri opumula, chifukwa ulendowu ndi wotopetsa, kumatentha koopsa, ndipo ambiri amabwerako ndi chifuwa. Mu 2024 anthu oposa 1,300 anamwalira pa Hajj, ambiri chifukwa cha kutentha, choncho ngati ankhoswe ali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, banja liwalimbikitse kuonana ndi dokotala asananyamuke. Akadzabwerako mudzawamva abale awo akuwatchula kuti Alhaji, ndipo inunso mukadzawatchula motero pa ukwati mudzawasangalatsa.

Azakhali a Seventh Day vuto lawo silidikira chaka, limabwera sabata iliyonse. Sabata lawo limayamba dzuwa likalowa Lachisanu n'kutha dzuwa likalowa Loweruka, potsata kawerengedwe ka m'Baibulo kamene tsiku limayamba madzulo, ndipo Ayuda ndi Asilamu amawerenganso chimodzimodzi. M'maola amenewa sagwira ntchito, sagula kapena kugulitsa, ndipo ambiri sapita kumadyerero, n'chifukwa chake maukwati awo amachita Lamulungu. Kumapeto kwa Meyi dzuwa mu Lilongwe limalowa cha m'ma 5:20 madzulo, nthawi imene keke wadulidwa kale ndipo amwini holo ayamba kusonkhanitsa mipando. Choncho tsiku la 30 Meyi, pokhala Loweruka, likanawatsekeranso kunja azakhali kachiwiri. Lachisanu nalonso ndi lovuta mbali zonse ziwiri, chifukwa masana amuna a Chisilamu amakhala ku mzikiti pa swala ya Ijuma, ndipo madzulo ake Sabata limalowa.

Ndikanakhala m'komiti yanu ndikanayang'ana kaye Lolemba, pa 6 Julayi 2026. Ndi tchuti cha boma, choncho ogwira ntchito adzapezeka. Lenti ndi Pasaka zidzakhala zitapita kale, Pentekoste ali pa 24 Meyi, Ramazani idzakhala itatha mu Malichi, ndipo a ku Hajj adzakhala atabwerako n'kupumula. Ubwino wina ndi wakuti ntchito yosenda mbatatesi, kunyonyola nkhuku ndi kukongoletsa holo idzagwa Lamulungu masana, pamene amayi a mipingo yonse ndi a Chisilamu omwe angakhale pamoto limodzi. Zoyenera kusamala zilipo. Bambo mfumu avomereze kaye kudalitsa ukwati tsiku limenelo, chifukwa maparishi amazolowera Loweruka. Ngati mwambo wa boma wa chaka chimenecho udzachitikire ku Bingu National Stadium, pafupi ndi kwanuko, misewu idzathina ndipo mdipiti wa akwati udzafunika njira ina. Julayi ndi wozizira ndipo kumada msanga, ndiye madyerero ayambe pa nthawi yake. Tsikuli lidzagwanso m'mwezi woyamba wa Chisilamu, wa Muharram, ndipo mabanja ena ali ndi zizolowezi zawo pa miyezi ina, choncho atsibweni anene okha ngati palibe chowaletsa.

Tsiku lachiwiri loliganizira ndi Lachinayi, pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ngakhale kuti kumatentha ndipo mawa lake ndi la ntchito. Njira yachitatu, imene ndaiona ikuyenda bwino m'mabanja angapo, ndi kudalitsa ukwati Loweruka m'mawa kutchalitchi n'kuchita madyerero Lamulungu masana. Kuipa kwake n'kwakuti alendo ochokera kutali amagona masiku awiri ndipo ndalama za chakudya zimakwera. Mukasankha Loweruka lililonse kumapeto kwa Ogasiti, kumbukirani kuti Loweruka lomaliza la mweziwo Achewa ambiri amakhala ku Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, ndipo ziyala, chikondwerero cha kubadwa kwa Mtumiki chimene Asilamu a Qadria amachilemekeza kwambiri, chidzagwa cha pa 25 Ogasiti. Zinthu zikavuta mpaka ukwati kulowa mu 2027, chotsaninso masiku 11 pa masiku a Chisilamu: Ramazani idzayamba cha pa 8 Febuluwale, phulusa lili pa 10 Febuluwale, ndipo Eid ya nsembe idzakhala cha pa 16 Meyi.

Pa tsiku lenilenilo pali zinthu zing'onozing'ono zimene alendo sadzaziiwala. Swala ya masana ndi ya chakumadzulo zidzawapeza ali pa madyerero, choncho pemphani amwini holo kachipinda kaukhondo, muyalemo mphasa kapena mikeka, ndipo panja pakhale chidebe cha madzi ndi kapu zosambira m'manja, kumaso ndi kumapazi. Ambiri amaganiza kuti Asilamu amayang'ana kum'mawa poswali, koma kuchokera mu Lilongwe, Kaaba ili kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa, ndiye mphasa zisayang'anizane ndi khomo lodutsa anthu mbali imeneyo. Nyama ikhale yozingidwa ndi Msilamu kapena yogula ku butchala ya halaal, ndipo njira yosavuta ndi kupempha akuchimuna kuti apereke munthu wawo wodzazinga mbuzi ndi nkhuku. Nkhumba isayandikire miphika, zimene zidzakondweretsenso azakhali, amenenso sadya mlamba ndi nsomba zina zopanda mamba. Za mowa kambiranani poyera nthawi ikadalipo, chifukwa Asilamu ndi a Seventh Day samwa. Misonkhano ya komiti nayonso muziika Lamulungu masana kuti pasakhale womva zogamulidwa kudzera pa WhatsApp pokha.

Masiku a Chisilamu amene ndakupatsaniwa ndi owerengeratu, ndipo mawu omaliza ndi a mwezi ukadzaoneka. Musanalipire holo ina iliyonse, pitani kwa anthu atatu ndi masiku awiri kapena atatu olembedwa papepala. Bambo mfumu akuuzeni masiku amene parishi ingadalitse ukwati, nthawi ya maphunziro a banja ndi ya kulengeza m'tchalitchi, pakuti zimenezi zimafuna miyezi. Ankhoswe akuchimuna, mothandizidwa ndi shehe wawo kapena amene akukonza ulendo wa Hajj, akuuzeni tsiku lonyamuka ndi lobwerera. Azakhali afunsidwe mwachindunji, osati kudzera mwa ana, ndipo ngati akukayika za china chake angafunse mkulu wa mpingo wawo. Mukadzaona kuti tsiku lililonse limene mwatchula likukanidwa popanda chifukwa chomveka, kapena mawu onyoza chipembedzo cha ena ayamba kutuluka m'misonkhano, dziwani kuti nkhaniyo yapitirira kalendala ndipo komiti singaithe. Pamenepo muiimitse kaye, ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale pansi ndi mnyamata ndi mtsikana, ndipo ngati kuli kofunika aitane bambo mfumu ndi shehe kuti akhale nawo. Za holo ya pa 30 Meyi, pitani sabata ino mukafunse ngati dipoziti yanu ingasamutsidwire pa 6 Julayi, tsikulo lisanatengedwe ndi ena.